Musanadule thabwa la kayaki ya ku Greenland, yambani mwagwera m'madzi

Mwezi watha ndinatumizira msuweni wanga wa ku Nkhotakota chithunzi pa WhatsApp, felemu ya kayaki ili pa timipando tiwiri mu galaja ya bambo ena achikulire a ku kilabu kwathu kuno ku Aberdeen ku Scotland, isanavekedwe nsalu, nthiti zonse zikuoneka mbee. Anayankha pompo kuti achimwene chimenechi ndi bwato kapena mono? Ndipotu sanalakwe, chinthucho chikakhala chamaliseche chimafanana kwambiri ndi mono wa nsomba, timitengo topyapyala tomangidwa ndi ulusi, ukhoza kuchinyamula ndi dzanja limodzi. Kenako anafunsa funso lomwe ineyo ndakhala nalo m'mutu chaka chathunthu, nanga inu mupanga yanu liti?

Yankho langa, kwa iye komanso kwa aliyense amene waona mabwato amenewa pa YouTube mtima nkuyamba kuthamanga, ndi lakuti pangani ndithu, ndi chinthu chokongola kuposa bwato lililonse lomwe ndinakwerapo. Koma musayambire ku thabwa. Yambani mwaphunzira kugubuduka nayo m'madzi nkudzukanso muli momwemo, ndipo ngati simukufuna kuphunzira zimenezo ndiye kayaki imeneyi si yanu, gulani ya pulasitiki basi, palibe chamanyazi.

Ndifotokoze kaye chinthucho. Eni ake, a Inuit, anthu a ku Greenland ndi madera ena ozizira a kumpoto, amachitchula kuti qajaq, ndipo mawu oti kayaki omwe dziko lonse likugwiritsa ntchito anachokera pamenepo. Linali bwato la mlenje mmodzi losakira nyama za m'nyanja zija amati seal, zangati katumbu wamkulu wonenepa. Ku Greenland kulibe nkhalango zoti munthu nkugwetsa mtengo nkusema bwato ngati kwathu, ndiye ankatola mitengo yobwera ndi madzi, ina yochokera kutali ku mitsinje ya ku Siberia, nkuing'amba timatabwa ting'onoting'ono. Amuna ankamanga felemu, opanda msomali, kungoboola nkulowetsana nkumanga ndi mitsempha ya nyama. Amayi ndi amene ankasoka zikopa, msoko wake wapawiri woti singano siboola chikopa mpaka kuseri kuti madzi asapeze polowera, akamaliza nkupaka mafuta a nyama yomweyo. Za kumadzulo kwa Greenland zimatalika mamita 5 kapena kuposera pang'ono koma m'mimba mwake ndi masentimita pafupifupi 50 okha. Tangoyezani 50 pa tepi muone, ndi mpando wa mu minibasi uja, mwinanso kuchepera.

Chomwe chinandigwira mtima ine si kukongola kokha ayi. Tsiku lina bambo aja anandikhazika pansi pa simenti mu galajamo, miyendo chotambasula, nkuti ika zibakera zako ziwiri m'chiuno, china uku china uku. Anayeza kuchokera chibakera mpaka chibakera nkuti ameneyu ndiye m'mimba mwa bwato lako. Kenako ndinatambasula manja, anayeza kuchokera nsonga ya chala mpaka nsonga inayo nkuchulukitsa katatu, ameneyo ndiye mtali wake. Anayezanso pomwe mapazi anga akuthera, ndi pomwe ntchafu zidzakanikize kamtanda kokhota kaja amati masik. Palibe pulani ya pa pepala, pulani ndi thupi lako. Ndinakumbuka telala wa pa khonde pa Nkhotakota boma akundiyeza yunifomu, tepi ili m'khosi, choko chili kukhutu. Ndi chimodzimodzi. Qajaq sumakwera, umavala, umalowa miyendo yonse iwiri pamodzi ngati thalauza yothina mpaka matako kukhala pansi penipeni pa bwato, madzi ali apa pa chiuno.

Ndiye apa mpamene pali nkhani yanga yonse. Chinthu chomwe wavala chothina chonchi, chopyapyala chonchi, chidzagubuduka basi, kaya lero kaya mawa. Ukagubuduka mutu uli pansi, kutuluka si kophweka ngati mu kayaki ya pulasitiki ya pakamwa potakata, umayenera kudzisolola chammbuyo modekha pomwe mtima ukukuuza kuti thawa. Ukatulukanso mavuto sanathe, chifukwa qajaq ilibe zipinda zotseka mkati zija zimasunga mpweya, madzi amadzaza kuchokera kumphuno mpaka kumchira pokhapokha utaikamo matumba a mpweya kutsogolo ndi kumbuyo, ndipo kubwereramo uli pakati pa nyanja ndi ntchito yaikulu ngakhale anzako alipo. Madzi a kuno ku North Sea nthawi yozizira amatsika mpaka madigiri 6 kapena 7, manja amafa msanga, si nyanja yathu ija ya madigiri 24 kupita m'mwamba yoti mwana amaswera tsiku lonse akusambira.

A Inuit ankadziwa zimenezi kuposa tonsefe, nchifukwa chake njira yawo sinali yotuluka m'bwato. Ankavala tuilik, chijekete cha chikopa chomanga kumaso ndi m'mikono nkumangiriranso pakamwa pa bwato, munthu ndi bwato nkukhala chinthu chimodzi chosalowa madzi. Akagubuduka ankadzuka ndi nkhafi, nkhafi ikatayika ankadzuka ndi norsaq, kathabwa koponyera mkondo, iyonso ikatayika ankadzuka ndi manja okha. Pa mpikisano wa makayaki wa dziko la Greenland masiku ano pali njira zodzukira zoposa 30, ndipo zambiri zinachokera ku tsoka lenileni la pa ulenje, chingwe cha mkondo chakukola, dzanja limodzi lavulala, nyama yakukokera pansi. Bwatolo linapangidwa ndi anthu omwe ankaphunzira zimenezi kuyambira ali ana. Ukatenga bwato nkusiya luso lake watenga theka lokha, ndipo theka lomwe wasiyalo ndi limene limapulumutsa moyo.

Ine ndinayamba kuphunzira mu dziwe losambira, la madzi ofunda, Lachitatu madzulo. Sindidzaiwala ulendo woyamba. Mayi amene amatiphunzitsa anaima m'madzi ofika m'chifuwa nkugwira manja anga, anati gona chagada pamadzi ngati uli pa mphasa, usadzutse mutu. Ndinagubuduka, kuwala kwa magetsi kukuoneka kobiriwira pamwamba, madzi akulowa m'mphuno, ndipo thupi lonse linkafuna chinthu chimodzi, kutulutsa mutu. Ukangodzutsa mutu bwato limabwerera pansi. Chinsinsi chake nchakuti mutu umatuluka pomaliza, bondo ndi chiuno ndi zimene zimatembenuza bwato, iwe nkutsetsereka chagada pamsana pake. Zinanditengera masabata ambiri kuti thupi livomere zomwe mutu unamva tsiku loyamba lomwelo. Ndipo masabata amenewo anandiphunzitsanso za bwato lomwe ndikufuna, kuti kumbuyo kwake kukhale kotsika kwambiri kuti msana uzigona bwino, kuti masik isakhale pamwamba mpaka ntchafu kusowa pogwira. Ndikanayamba ndi kupanga ndikanapanga bwato lalikulu lotakata chifukwa cha mantha, lomwe pano bwenzi ndikulidandaula. Anthu ambiri amene amafulumira amapanga bwato la mantha awo a chaka choyamba, mantha akatha bwato nkutsala lili lomwelo.

Ena amati ndipanga chifukwa ndi yotchipa. Apa ndimakana. Zoona, zipangizo zake sizidula ngati kayaki yatsopano ya fiberglass, ndi matabwa awiri aatali opanda mfundo, timatabwa ta oak ta nthiti, nsalu ya nayiloni yolimba ija, ulusi wa phula, ndi polyurethane wopaka pamwamba. Koma ngati nkhani ndi ndalama yokha, kayaki ya pulasitiki ya kaunjika imapezeka yambirimbiri kuno ndipo Loweruka lomwelo uli pamadzi. Qajaq imafuna malo otalika kuposa mamita 5 oti ikhalepo masabata, zomwe kwa ife okhala m'mafulati ndi vuto kale. Imafuna oak wamuwisi, chifukwa wouma wa mu shopu amathyoka ukamapinda. Nthiti iliyonse umaifukiza mu kabokosi ka nthunzi, ukaitulutsa uli ndi masekondi ochepa oti uipinde isanazizire, ndipo ndinaona ndi maso anga bambo aja, omwe apanga mabwato angapo, akuthyola nthiti zitatu motsatizana, phwa, phwa, phwa, iwo osalankhula kanthu kungotenga ina. Pali makosi omwe munthu amamaliza bwato pa sabata imodzi kapena kuposera pang'ono, koma ukakhala wekha madzulo ukaweruka ndi nkhani ya miyezi. Kuwonjezera apo zovala za madzi ozizira ndi jekete yoyandamitsa uzigulabe, kaya bwato wapanga wekha kaya wagula.

Komanso dzifunseni kuti mukufuna mukachite nalo chani. Kukwezamo mwana sizitheka. Katundu wa ulendo wa masiku ambiri salowa bwino, mulibe zitseko, chilichonse umakankhira kudzera pomwe wakhalapo. Mlendo akabwera sangabwereke pokhapokha thupi lake likhale ngati lako, ndipo ukadzafuna kugulitsa ogula ndi ochepa pa chifukwa chomwecho.

Koma zomwe imakupatsa, eee. Ndinabwerekako ya munthu wa msinkhu wanga tsiku lina m'mawa nyanja ili bata. Kulemera kwake ndi makilogalamu 13 kapena 15, pomwe ya pulasitiki imafika 25 mpaka 30, ndiye umangoikoleka paphewa nkutsetsereka nayo kumadzi wekha osapempha munthu. Ili pamadzi siichita phokoso. Funde likabwera felemu imapindika pang'ono chifukwa mfundo zake ndi za ulusi, umamva madzi akuyenda pansi pa miyendo kudzera mu nsalu, dzuwa likawala nthiti zimaoneka mkati ngati nyali ya pepala. Seal wina anatulutsa mutu pafupi kwambiri nkundiyang'ana nthawi yaitali. Pamenepo ndinamvetsa kuti bwatoli analipanga kuti lizifika pa nyama mwakachetechete.

Za kubooka anthu amaopa mopitirira. Nayiloni yopakidwa bwino ndi yolimba kuposa momwe imaonekera, sibooka chisawawa pa mwala, chomwe chimaidya ndi kukhuzika, kuikoka pa mchenga ndi pa miyala tsiku ndi tsiku, ndi mchenga wolowa mkati pakati pa nsalu ndi thabwa. Ikatha pakapita zaka umaisenda nkusoka ina, felemu ili yomweyo.

Ndiye pali ena amati ngati si chikopa chenicheni si yachikhalidwe, ukungonamiza anthu. Ine zimenezo sindigwirizana nazo. Ku Greenland komweko anthu anayamba kalekale kuveka makayaki ndi nsalu ya kanivasi yopaka penti, ndipo lero ambiri pa mipikisano yawo ndi a nsalu. Chikopa chimafuna mlenje, chimafuna amayi odziwa kuchikonza, chimafuna kupakidwa mafuta pafupipafupi, ndipo makayaki ankawasunga pa nsanja zazitali kuti agalu asadye. Ndi moyo wathunthu umenewo, sungaugule pa intaneti. Ndipo nkhani ya zikopa ndi bala kwa iwo, chifukwa European Union italetsa malonda a zinthu za seal mu 2009, ngakhale inasiyako mpata kwa a Inuit, msika unagwa ndithu ndipo alenje osauka ndi amene anavutika. Munthu wa ku Aberdeen kapena wa ku Lilongwe alibe chifukwa chosakira chikopa kuti aoneke weniweni. Gwiritsani nayiloni ndipo muzinena poyera kuti ndi nayiloni.

Funso lomwe linandivuta kwambiri ndi lina, kodi ndili ndi ufulu wopanga chinthu cha eni ake? Ine ngati Mchewa ndimadziwa kuwawa kwake, ndinalowapo m'nyumba ina kuno nkupeza chigoba cha gule chili pakhoma pafupi ndi wotchi, mwini nyumba osadziwa ngakhale dzina lake kapena mudzi womwe chinachokera, mtima unandipweteka tsiku lonse. Ndiye sindingapeputse funso limeneli. Koma ndikuona kusiyana. Gule ali ndi zinsinsi zake za kudambwe, pomwe qajaq eni ake anasankha okha kuitsegulira dziko. Maboti a injini atabwera luso limeneli linatsala pang'ono kufa, ndiye m'zaka za m'ma 1980 achinyamata a ku Greenland ataona makayaki akale atatu omwe anabwerekedwa kuchokera ku Netherlands nkuonetsedwa ku Nuuk, likulu la dziko lawo, anadzidzimuka, anayambitsa makilabu ndi bungwe lawo la Qaannat Kattuffiat, nkupita kwa alenje okalamba ngati Manasse Mathaeussen kuti awaphunzitse asanamwalire. Mnyamata wa komweko, Maligiaq Padilla, anapambana mpikisano wa dziko la Greenland mu 1998 ali ndi zaka 16 zokha, kenako anayenda m'maiko akuphunzitsa alendo kupanga ndi kugubuduka, ndipo kuyambira 2000 akunja amaloledwa kupikisana nawo. Anthu amenewa akuitana. Chomwe munthu ungachite ndi kuyankha mwaulemu, kutchula zinthu ndi maina ake, kudziwa kuti bwato lako latengera la dera liti, chifukwa la kum'mawa kwa Greenland silifanana ndi la kumadzulo, ndipo la a Unangan a ku zilumba za Aleutian ku Alaska, iqyax lija a ku Russia ankati baidarka, ndi lina kotheratu.

Nkhani ya maina imandikhudza chifukwa cha zomwe zinachitika kuno ku Scotland komwe. Mu 1959 mnyamata wa pa yunivesite ya Glasgow, Ken Taylor, anapita ku mudzi wa Illorsuit kumadzulo kwa Greenland, ndipo mlenje wina dzina lake Emanuel Korneliussen anamupangira qajaq ya thupi lake. Anabwera nayo kuno, katswiri wina wa makayaki, Duncan Winning, anaiyeza nkuijambula, zojambulazo zinayenda m'manja mwa anthu mpaka zinabala Anas Acuta, kayaki ya fiberglass yomwe kampani ya Valley inayamba kugulitsa mu 1972, ndipo makayaki ambiri a panyanja a ku Britain anatsatira mzere umenewo. Funsani anthu khumi pa gombe kuno amene akupalasa zidzukulu za bwato limenelo kuti Korneliussen ndi ndani, muone kuti ayankha angati. Mudzi wa Illorsuit womwewo pano mulibe anthu, anasamutsidwa mu 2017 phiri litagumukira m'nyanja nkudzutsa chifunde chomwe chinapha anthu anayi ku mudzi wina wa Nuugaatsiaq. Kunonso ku Aberdeen yunivesite imasunga kayaki ya munthu amene anapezeka pa gombe lino chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1700 nkumwalira patangopita masiku ochepa, bwato lilipo mpaka lero koma dzina la mwini wake palibe analilemba. Ine ndikadzapanga yanga ndidzalemba mkati pa thabwa kuti yatengera ya ku Illorsuit, ya Korneliussen. Ndi kanthu kochepa koma ndidzalemba.

Msuweni wanga uja anafunsanso kuti kodi sizingathandize kwathu, popeza mitengo ikuluikulu yosemera bwato yatha. Ndikumvetsa chifukwa chake anafunsa. Agogo athu aamuna ankasema bwato ndi sompho pa mtengo umodzi wa mbawa, zipalapasiro zili mbwee pansi, masabata akugogoda, ndipo pano anthu akusema mpaka mango chifukwa mitengo yabwino ili kutali kapena kulibiretu. Felemu ya qajaq imadya matabwa ochepa zedi poyerekeza. Koma ndinamuuza kuti asathamange. Qajaq si ya makoka kapena chilimira, simungaikemo madengu a usipa, simungaimiriremo. Dzuwa lathu limadya polyurethane, gombe lathu mabwato amakokedwa pa mchenga tsiku lililonse, nayiloni yake ndi mankhwala ake nzoitanitsa kunja ndi madola, ndipo pomwe pali mvuu kapena ng'ona ine sindingakhale m'bwato la nsalu chiuno chili pamadzi. Kwa munthu wongofuna kupalasa kosangalala cha ku Cape Maclear kapena Nkhata Bay m'mawa mwera usanadzuke, inde ikhoza kukoma kwambiri, ndipo madzi ofunda aja ndi malo abwino ophunzirira kugubuduka kuposa dziwe langa la Lachitatu. Koma kwa msodzi, a Inuit omwewo anali ndi bwato lina lonyamulira katundu ndi banja, umiaq, lotakata lotseguka pamwamba, ndipo ngati pali choti amisiri athu ayang'anepo ndi limenelo, iwowo ndi amene angadziwe ngati nsungwi zathu zingagwire ntchito ya nthiti. Chomwe ndinamupempha ine nchakuti apite ndi foni kwa bambo aja amasemabe mabwato kumunsi kwa mudzi, awajambule akugwira ntchito, awafunse momwe amasankhira mtengo ndi momwe amadziwira ndi khutu kuti khoma la bwato lafika popyapyala pokwanira. Anati apita akachoka ku maliro a kwa apongozi ake.

Ineyo pano ndimadzuka kumanja mosavuta, kumanzere ndimaphonyabe kamodzi kamodzi, ndipo panyanja yeniyeni ndayesa kawiri kokha, madzi ozizira akakumenya kumaso zonse zomwe unaphunzira zimafuna kuthawa. Ndinagwirizana ndi bambo a galaja aja kuti ndikadzuka kakhumi motsatizana mbali zonse ziwiri, panyanja osati mu dziwe, tidzapita limodzi kukasankha matabwa. Miyezo yanga anailemba kale ndi pensulo pa khoma la galajamo pafupi ndi switchi ya magetsi, ndipo oak wa nthiti anati tidzaitanitsa sabata yomwe tikuyambayo kuti adzafike ali wamuwisi.